Nambala ya .262 pampope wa mfuti yanga

Mmisiri atamaliza kuika mpope watsopano pa mfuti yanga ya benchrest (mpikisano wowombera mfuti itakhazikidwa patebulo), anandilozera zimene anadinda pambali pake: 6PPC .262. Anandichenjeza kuti ndisayerekeze kuwombera ndisanaimvetse nambalayo.

Chipolopolo cha 6 PPC anachipanga Louis Palmisano ndi Ferris Pindell ku America m'ma 1970, ndipo mpaka lero ndi chimene ambiri amadalira pampikisano wa mayadi 100 ndi 200. Zigoba zake timachita kuzikonza tokha kuchokera ku za .220 Russian za kampani ya Lapua. Nambala ya .262 ndi kukula kwa khosi la chamber (malo a mumpope molowa chigoba) m'mainchi, monga reamer, chida chobowolera cha mmisiriyo, inabowolera. N'lothina dala. Chigoba chokhala ndi chipolopolo cha 6mm sichingalowemo khosi lake lisanapalidwe.

Ndinayamba ndi kukulitsa khosi la chigoba chilichonse ndi mandrel, kachitsulo kolowetsa m'khosimo, kuti lifike 6mm. Kenako masamu. Chipolopolo chenichenicho kukula kwake ndi .243. Ndinkafuna kuti chikalowa m'chigoba, khosi lonse likhale .260, patsale kampata ka .002 koti mkuwa utambasuke n'kuchisiya chipolopolo chizipita. Ndiye kuti khoma la khosi liyenera kukhala .0085 mbali zonse.

Kupala khosi kuti khoma lifike pamenepo n'kumene kunandilawitsa zowawa. Zigoba zitatu zoyamba ndinazithamangira, kampeni katatentha kanayamba kudya mosiyana, chida choyezera cha maikiromita n'kumandionetsa .0080 uku, .0087 uko. Ndinazitaya, mtima ukuwawa poganizira mtengo wake. Zotsalazo ndinapala kawiri, poyamba kuchotsa zambiri, kachiwiri kungosalaza, ndikupaka mafuta pa mandrel ndi kupumira pakati. Usiku wonse unathera pa zigoba 20.

Ena masiku ano amasankha khosi la .268 kapena .269 kuti asamapale kwambiri. Sindiwatsutsa, dzanja langa lomwe likuwavomereza.

Nditaika onga wa mtundu wa N133 ndi zipolopolo zolemera magireni 68, ndinayezanso khosi lililonse. Kampata kakasowa, mphamvu ya onga imakwera moopsa, choncho apa sindidumpha ngakhale chimodzi. Kuwombera koyamba kunali kongoumba zigoba: zinatuluka zitafufuma, phewa litaima pa madigiri 30 ngati chamber yake.

Sabata yotsatira ndinawombera zisanu pa mayadi 100. Zinayi zinalowa bowo limodzi. Chachisanu ndinachitulutsa mbendera zamphepo zitatembenuka kale.