Chibonga chimene chinawoloka Zambezi

Alamu anga atayamba kuwerenga mitanda ya nsima mokweza, ndinadziwa kuti nthawi yakwana yoti masana ndizipezeka kwina. Sukulu ndinali nditamaliza, ntchito kulibe, ndili phwii pakhomo pa achimwene ku Chibavi. Ndiye ndinakadzipereka ku nyumba ina yosungiramo zinthu zakale mumzinda muno wa Mzuzu kuti ndizithandiza mwaulere. Malipiro panalibe, koma panali tiyi wa 10 koloko ndi denga losadontha, ndipo amene akuidziwa mvula ya ku Mzuzu, yosayang'ana kalendala ija, sanganyoze denga.

Ine ndinkayesa ntchito yake ndi kuima pakhomo, manja kumbuyo, n'kumathira alendo mbiri. Amayi oyang'anira zinthuzo anangondipatsa kaburashi kofewa n'kundilozera ng'oma, mono, malichero ndi mvukuto wa osula zitsulo. Fumbi lokhalokha. Malamulo awo analinso ambiri. Mphika wakale sutsukidwa, mwaye umenewo ndiye umboni wake. Sunyamulidwa pamlomo, umafungatiridwa ndi manja awiri kunsi ngati khanda. M'mawa uliwonse ndinkagwada kusuzumira pansi pa mitondo ndi mipini kufuna kaufa koyera, chifukwa kakapezeka ndiye kuti afufuzi alowa, ndipo chinthucho chimakulungidwa m'pulasitiki n'kukagona mufiriji masiku angapo kuti tizilomboto tife ndi kuzizira.

Koma chimene amayiwo ankachilemekeza kuposa zonse ndi buku lalikulu lachikuto cholimba. Chinthu chilichonse chili ndi nambala yake, yolembedwa mwaching'ono pamalo obisika: upake kavanishi, kaume, ulembe ndi inki, upakenso kavanishi pamwamba. Nambala yomweyo imalowa m'buku pamodzi ndi dzina la chinthucho, kumene chinachokera ndi amene anachipereka. "Mwanawe, za m'buku ili sizifufutidwa," anandiuza katatu konse. "Ukalakwitsa umangodula mzere, cholakwacho chizionekabe. Ndipo iwe usalembemo ine kulibe."

Patatha miyezi itatu ndinali katswiri, m'maso mwanga. Kenako amayi aja anaitanidwa kumaliro ku Rumphi. Anandisiyira makiyi n'kundikumbutsa kuti Lachisanu kubwera ana a Sitandade 6.

Lachinayi, ndikusesa kuseri kwa chitseko cha chipinda chosungiramo katundu, ndinachiona chitatsamira khoma. Chibonga. Mutu wake wozungulira bwino, wakuda bii, wong'aluka pang'ono mbali imodzi. Mpini wosalala chifukwa cha thukuta la m'manja, pogwirira pokulungidwa ndi kanthu kena kakuda. Ndinachitembenuza uku ndi uku: nambala palibe! Mtima unagunda. Ndinati mumtima, taonani anthu ophunzira awa, chuma chotere akuchisiya ndi akangaude. Ndinavala magolovesi, n'kupaka vanishi, n'kulemba nambala ndi dzanja losanjenjemera. Kenako ndinatsegula buku loletsedwa lija. "Chibonga chankhondo. Angoni, Mzimba. Chakale kwambiri. Wopereka: sakudziwika." Ndinachigoneka m'bokosi lagalasi pakati pa chishango ndi nthungo, ndipo kunena zoona chinakhala bwino kuposa anzakewo.

Lachisanu ndinavala tayi ya achimwene. Ana analowa ali ndi makope m'manja, aphunzitsi awo aakazi ali pambuyo. Ndinayamba bwinobwino. Ndinawauza kuti pano sitigwira kanthu, ndipo mukaona munthu akugwira mukuwe. Ndinawafotokozera za vimbuza, gule wochiza wa Atumbuka amene a UNESCO anamuzindikira mu 2005, ndi mmene mzinda wathu unakulira kuchokera paminda ya mitengo ya tung, imene njere zake amayengera mafuta, m'ma 1940 mpaka kukhala mzinda mu 1985. Titafika pabokosi la Angoni mawu anga anakula okha. Ndinanena za Zwangendaba, mmene anatsogolera anthu ake kuchoka kummwera nthawi ya nkhondo za Shaka, mmene anawolokera Zambezi mu 1835 tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa masanasana, mmene anafikira mpaka ku Tanzania kumene anamwalirira, ndi mmene mwana wake M'mbelwa anadzakhazikira kuno ku Mzimba, kumene mpaka lero Angoni amasonkhana paphiri la Hora pamwambo wa Umthetho. Zonsezo zoona. Ndikanalekera pomwepo bwenzi lero ndili munthu.

Koma ana anali duu, maso ali pa ine, ndipo pakamwa panatsetsereka. "Chibonga mukuchiona apachi," ndinatero, "chinawoloka nawo Zambezi tsiku limenelo."

Mapensulo anayamba kuthamanga. Kamnyamata kena kakafupi, kamphuno yothinana ndi galasi, kanakweza dzanja.

"Ankolo, chakuda akulungira apocho n'chiyani?"

"Chikopa cha njati."

"Koma chikuoneka ngati chubu cha njinga. Adadi anga ndi a kabaza. Taonani, pali ndi chigamba pomwe."

Aphunzitsi anatsokomola. Ine ndinayamba kufotokoza kuti njati zakale zinali ndi khungu losiyana ndi za masiku ano, ndipo ndili mkati mwa bodza limenelo chitseko chinatseguka. Analowa madala athu olondera usiku, ali m'chijekete chawo chofika m'mawondo ndi chipewa chaulusi, maso ali psuu. Masana sankabwera. Anayang'ana kuseri kwa chitseko, pansi pa tebulo, kenako maso awo anagwera pabokosi lija. Anadutsa pakati pa ana osalankhula, natukula galasi (ndinali nditaiwala kukhoma, mlandu wachiwiri umenewo) n'kutenga chibonga.

"Wakuba! Wakuba!"

Ana onse pamodzi, monga ndinawaphunzitsira ndekha. Atsikana awiri anathamangira kukatseka chitseko, wina n'kukakamira chijekete.

"Wakuba ndani?" anakalipa madala. "Ine mlonda wa pano ndisanduke wakuba?" Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe mwana wanga, ndodo yanga yalowa bwanji m'galasi? Usiku wonse ndalondera nyumba ino ndi mpini wa tsache. Galu anabwera, anangondiyang'ana n'kukhala pansi."

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Madala anafotokozera khamu lonse kuti anachisema okha chaka chathachi, kuti kuda kwake ndi oyilo wakutha wa galimoto amene anapaka kuopa afufuzi omwe aja, ndipo chubucho anapempha kwa womata matayala ku Katoto.

"Ndinanena ine!" kanakuwa kamnyamata kaja.

Aphunzitsi, misozi ili m'maso, anafunsa mwaulemu wonse: "Ndiye agogo, Zambezi chinawoloka liti?"

"Zambezi? Mtsinje umene chawolokapo ichi ndi Lunyangwa, mayi. Tili pa kabaza."

Lolemba amayi oyang'anira aja anabwera, nkhani atayimva kale kudepoti. Anatsegula buku, nawerenga mzere wanga kawiri, navula magalasi. Sanakalipe. Anangondipatsa rula ndi cholembera. Ndinadula mzere, n'kulemba pambali pake monga anandiuzira: "Katundu wa mlonda. Wabwezedwa kwa mwini wake." Anandisainitsa dzina lonse, ndi deti lomwe, kuti adzukulu adzadziwe.

Nambala ya pachibonga ija anati tiichotse ndi mankhwala, koma madala anakana kwamtuwagalu. Akuti kumudzi kwawo konse palibe wina ali ndi ndodo yolembedwa m'kaundula. Tsopano madzulo aliwonse akafika pantchito amayamba agogoda pazenera langa, chipewa chili m'manja. "Odi, bwana wa zakale. Ndabwera kudzabwereka chibonga cha Zwangendaba. Mawa m'mawa ndibweza."