Kuwerenga manambala achiroma pa miyala ya mu Roma

Mukatuluka mu siteshoni ya sitima yapansi pa nthaka ya Colosseo, bwalo lakale la masewero la Colosseum mumaliona tsidya lina la msewu. Alendo ambiri amathamangira pamzere wolowera, koma ndi bwino kuyamba mwayenda kunja, mbali yakumpoto kumene khoma lalitali lidakalipo, maso ali pamwamba pa zipata. Pali manambala osemedwa pamwala, kuyambira XXIII mpaka LIIII. Bwaloli linatsegulidwa m'chaka cha 80 AD. Linali ndi zipata 80, ndipo 76 mwa izo zinali ndi manambala kuti khamu la anthu pafupifupi 50,000 lizilowa mosapanikizana, aliyense podzera pachipata chake.

Amene anaphunzira kupulayimale kuti 4 ndi IV amaima kaye akaona LIIII. Osemawo sanalakwitse ayi. Aroma eniake ankakonda kulemba 4 ngati IIII, moti chipata cha 44 chinalembedwa XLIIII: 40 anailemba mochotsera, 4 mophatikiza. Lamulo lokhwima la m'mabuku athu linakhazikika patapita zaka zambiri, ndipo mawotchi ochuluka a pakhoma amalembabe IIII.

Zilembo zake ndi 7 basi. I ndi 1, V ndi 5, X ndi 10, L ndi 50, C ndi 100, D ndi 500, M ndi 1,000. Posintha nambala, igaweni m'masauzande, mahandiredi, makumi ndi zotsalazo, chigawo chilichonse muchilembe pachokha, kenaka mulumikize. Tengani 1964, chaka chimene Malawi ndi Zambia analandira ufulu: 1,000 ndi M, 900 ndi CM, 60 ndi LX, 4 ndi IV, zonse pamodzi MCMLXIV. Ziro alibe chilembo, choncho pamene palibe kanthu mumangodumpha. Mu 2025 mulibe mahandiredi, ndiye ndi MMXXV.

Ambiri amaphonya pochotsera. Chilembo chaching'ono chikatsogolera chachikulu chimachotsedwa, koma zololedwa ndi IV, IX, XL, XC, CD ndi CM zokha. Amene amalemba 99 ngati IC ndiye kuti sanagawe nambalayo. 90 ndi XC, 9 ndi IX, yankho ndi XCIX.

Malo abwino oyeserera ndi kutsogolo kwa tchalitchi cha Petro Woyera ku Vatican, chifukwa zilembo zake n'zikuluzikulu, zooneka ngakhale muli pakati pa bwalo. Palembedwa PAVLVS V, kenaka cha kumapeto AN MDCXII PONT VII. Onetsetsani bwino ma V atatuwo: awiri a m'dzinamo ndi U, popeza osema ankalemba U ngati V, ndipo woima payekhayo ndiye 5. Ndi Papa Paul V. MDCXII ndi 1,000, 500, 100, 10 ndi 2, kutanthauza 1612, pamene VII akunena chaka chachisanu ndi chiwiri cha upapa wake. Pa kasupe wa Trevi kalembedwe n'komweko: CLEMENS XII ndi chaka cha MDCCXXXV, 1735, ngakhale ntchito yonse inadzatha mu 1762. Mwambo wa mayinawu ukupitirira. Papa amene anasankhidwa mu 2025 ndi Leo XIV, wa nambala 14 kutenga dzinalo.

Ku Pantheon, kachisi wakale wa Aroma, ndiye muchenjere. Mzere wa pamwamba pa nsanamira umati M AGRIPPA L F COS TERTIVM FECIT, ndipo maso amene azolowera kuwerengetsa amafulumira kuona 1,000 ndi 50. Mulibe chilembo cha nambala m'menemo. M ndi Marcus, L F ndi mwana wa Lucius, COS ndi udindo wake wa utsogoleri (consul), ndipo zoti anaugwira "kachitatu" analemba m'mawu, TERTIVM. Musanaphatikize, onani kaye ngati zilembozo zatsatizana kuchokera ku chachikulu kutsikira ku chaching'ono (kupatula zochotsera zija), komanso ngati zatsogoleredwa ndi AN kapena ANNO, mawu otanthauza chaka.

Manambalawa sali pa miyala yakale yokha, mudzawafuna pofunsa njira. Msewu wa Via XX Settembre umakumbutsa tsiku la 20 September 1870, pamene asilikali a Italy analowa mumzindawu pafupi ndi chipata cha Porta Pia. Woyendetsa takisi mukamutchulira zilembo ziwiri za X sangakumveni msanga. Eniake amati Venti Settembre, chifukwa venti ndi 20.

M'nyumba zosungiramo zinthu zakale, timapepala ta pansi pa zithunzi timalembedwa sec. XVI kapena XVI secolo (secolo ndi nyengo ya zaka 100). Apa musafulumire kunena kuti ndi zaka za m'ma 1600. Zaka 100 zoyambirira zinatha mu 100, choncho XVI ndi kuyambira 1501 mpaka 1600. Chotsani 1 pa nambalayo: XVI ndi za m'ma 1500, XVII ndi za m'ma 1600.