Ndinkalira mphaka nditamukhalira

Mphaka ameneyu sanali woweta, komanso sanali wam'tchire kwenikweni. Chakudya changa ankadya, koma dzanja langa ankaliona ngati msampha. Kwa miyezi inayi ankafika pakhomo dzuwa likamalowa, n'kukhala chapatali kudikira kuti ndiike mbale ndichokepo. Ndikayang'ana kumbali ankadya, ndikamuyang'ana ankasiya. Ndinamutcha Kapitawo, chifukwa ankakhala pampanda n'kumandiyang'ana ngati ndikuwononga ntchito yake.

Tsiku lina anabwera tsaya litatupa ngati wabisamo dzira. Chinali chithupsa cha bala lolumidwa ndi mphaka mnzake. Ndinabwereka msampha wawaya wotseka wokha, n'kuika nsomba yam'chitini kumapeto kwenikweni kuti aponde kachitsulo kotsekera. Usiku wachiwiri anakodwa. Ndinafunditsa msamphawo thaulo, pakuti mphaka akakhala mumdima amasiya kudzimenyetsa pawaya. Adokotala a ziweto anamugoneka ndi jakisoni n'kuchita zonse kamodzi: kutsuka bala, kumufula, katemera wa chiwewe, kuyeza magazi ngati ali ndi mavairasi a amphaka otchedwa FIV kapena FeLV, ndi mankhwala a nthata odonthezera kumbuyo kwa khosi. Anati mphaka wotere sapusitsidwa kawiri, ndiye zonse zithe akadali mtulo.

Kenako anandilangiza. “Bambo, mukamuike m'chipinda chimodzi chaching'ono, mutseke chitseko. Milungu iwiri, itatu, mwina kupitirira. Nyumba yonse musamutsegulire.”

Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinkati adokotalawa chifundo alibe. Nyama yozolowera dziko lonse n'kuitsekera m'kachipinda ngati mkaidi? Nditafika kunyumba ndinaika bokosi pakati pa balaza, n'kutsegula ndi manja awiri, ngati ndikutsegulira msonkhano.

Zimene zinatsatira sizinathe masekondi 10. Mphaka wamantha poyamba amathamangira kumene kuli kuwala, ndipo galasi salidziwa. Anagunda windo, phu! Anakwera katani mpaka pamwamba, n'kugwa nayo pamodzi ndi mtengo wake. Pamene ndinkadzivundukula m'katanimo, m'nyumba munali zii.

Ndinafufuza kunsi kwa bedi, kuseri kwa fuliji, m'kabati, ngakhale mu uvuni. Kenako ndinaona windo la kukhitchini lili lotseguka pang'ono, mpata wa zala zinayi. Ndinkadziwa kuti pamene mutu wa mphaka wadutsa, kawirikawiri thupi limadutsanso, chifukwa kafupa kake ka paphewa sikalumikizana ndi mafupa ena ngati kathu. Nzeru imeneyi ndi yoona, koma tsiku limenelo inandisocheretsa. Ndinagamula kuti Kapitawo wathawa, ali ndi bala losapola.

Masiku atatu ndinkayenda usiku ndi tochi, kugwedeza chitini cha chakudya, kuitana “Kapitawo! Kapitawo!” mpaka anansi anayamba kundipatsa moni mondimvera chisoni. Ndikatopa ndinkabwera kudzadziponya pa sofa, dzanja patsaya, kulira mphaka wanga. Ndinasiya mbale pafupi ndi windo lija, mkati, ndipo m'mawa uliwonse inkapezeka mbee. Ndinati amalowa usiku kudzadya n'kutulukanso, choncho ndinalitsegula kwambiri windolo. Dothi la mumphika wamaluwa linkapezeka litafukulidwa, ndinati ndi makoswe. Nsapato yanga yakumanzere inkanunkha mosadziwika bwino, ndinati ndi phazi langa.

Tsiku lachinayi kunabwera mlamu wanga, munthu wathupi lake ndithu, amene sakhala pampando koma amagwerapo. Anagwera pakona ya sofa atanyamula kapu ya tiyi. Sofa inabuula.

Tinayang'anana.

“Alamu, sofa yanuyi ili ndi injini?”

Ndisanayankhe, iye ananyamuka pang'ono n'kugweraponso kuti amvetsetse. Ulendo uno sofa inakuwa ngati yapsa ndi moto. Mlamu wanga, amene amadandaula mawondo chaka chonse, ndinangomuona ali panja, kapu ikadali m'manja koma tiyi ali pamalaya.

Titaipendeketsa sofayo tinaona kuti kansalu kakuda kopyapyala kakunsi kang'ambika pakona. Mkatimo, pakati pa matabwa ndi masipuling'i, munali maso awiri obiriwira. Masiku atatu onse aja ndinkalira maliro nditakhalira malemuwo. Windo linali pululu usiku wonse, koma iye sanatuluke, chifukwa mphaka akaopsedwa safuna bwalo, amafuna dzenje lamdima lomukhudza mbali zonse. Ndinali nditamupatsa zipinda zisanu, iye anasankha malo osakwana katoni ya nsapato.

Apa ndi pamene ndinachita chopusa chachikulu. Makutu anali atagona chagada, maso atakula bii, akulira chapansipansi m'khosi. Zonsezi ndi chenjezo lomveka, moti ngakhale mlamu wanga ali pakhomo anati, “Alamu, musatero.” Ine ndinapisa dzanja ndikunena mawu achikondi.

Timabowo tinayi patsinde la chala chachikulu, magazi ochepa. Bala la mphaka limapusitsa chifukwa cha kuchepa kwakeko. Mano ake ndi osongoka ngati singano, amabaya mozama n'kusiya mabakiteriya otchedwa Pasteurella multocida, kenako khungu limatseka pamwamba. Ndinatsuka ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, monga zimafunikira ukalumidwa ndi nyama, koma pofika m'mawa dzanja linali ngati gulovu yopopa. Kuchipatala anandipatsa mankhwala opha mabakiteriya, jakisoni wa kafumbata, ndi katemera wa chiwewe. Ndinayesa kudziteteza kuti mphakayo anabayidwa kale. Anesi anafunsa kuti liti. Nditati masiku asanu apitawo anaseka, nati katemera amawerengedwa kuti wagwira pakatha masiku pafupifupi 28, ndipo sateteza nyama imene inatenga matenda kale. Mphakayo aonedwe kwa masiku 10, ine ndiyambe majakisoni lero lomwe.

“Ndiye munapisa dzanja mu sofa muli mphaka wolusa? Munkafunamo chiyani, bambo?”

Kumutulutsa mu sofamo sitinayesenso. Tinakulunga kunsi kwake ndi bulangeti, kumanga ndi chingwe, n'kunyamula sofa yonse, mwini wake ali momwemo akutukwana, mpaka m'kachipinda kamene adokotala ananena poyamba paja. Pachitseko inakana kulowa mpaka tinamasula miyendo yake. Ine ndinatsala ndi mpando wapulasitiki pabalaza.

M'kachipindamo ndinakonza zinthu monga ndikanachitira tsiku loyamba. Windo ndinakhomapo waya wolimba, osati neti ya udzudzu, imene zikhadabo zimang'amba ngati pepala. Ndinaika makatoni awiri, iliyonse yoboola makomo awiri, chifukwa mphaka sakhulupirira malo opanda kothawira. Ina pansi, ina pashelefu, poti akakhala pamwamba mtima umatsika. Mipata imene dzanja kapena bokosi sizingafike ndinaitseka, kupatula sofa, imene tsopano inali yake mwalamulo.

Nkhani ya chimbudzi ndiyo inandiphunzitsa zambiri. Ndinali nditagula kabokosi kokongola kokhala ndi denga ndi kachitseko, ndi mchenga wonunkhira maluwa. Kwa mphaka amene moyo wake wonse wakhala akufukula dothi, chimenecho si chimbudzi, ndi msampha wachiwiri wothira perefyumu. N'chifukwa chake anasankha mphika wamaluwa ndi nsapato. Ndinasintha n'kuika mabeseni awiri osavundikira (lamulo lake ndi chimbudzi chimodzi pa mphaka aliyense, kuwonjezapo china chimodzi), lililonse kutalika kwake kokwana thupi la mphaka kamodzi ndi theka. Mchenga wosalala wopanda fungo, kuya masentimita 5 mpaka 7, pamwamba n'kuwazapo dothi la mumphika womwe uja. Dothilo ndinkalichepetsa pang'onopang'ono mpaka linatha patapita milungu iwiri. Mabeseni kutali ndi mbale ya chakudya, ndipo kuwola zonyansa kawiri patsiku. Usiku woyamba womwewo anagwiritsa ntchito.

Pamene anakodzapo kale ndinakolopapo ndi mankhwala okhala ndi amoniya, osadziwa kuti mkodzo ukamawola umatulutsanso amoniya yemweyo. Kwa mphaka, zimenezo zili ngati kumulembera chikwangwani choti “kodzani pano”. Chofunika ndi mankhwala otsukira okhala ndi ma enzyme, amene amaphwanya mkodzowo, kuwasiya anyowetse malowo kenako aume okha. Nsapato ija sinapulumuke.

Mphaka wobisala sungamuyeze ndi maso, umamuyeza ndi mbale ndi beseni. M'mawa uliwonse ndinkaona kuti wadya zochuluka bwanji ndipo wakodza kangati. Akatha maola 48 osadya, imeneyo ndi nkhani ya dokotala, chifukwa mphaka akasala kudya masiku angapo mafuta amaunjikana m'chiwindi, makamaka akakhala wonenepa. Wamphongo akamalowalowa m'beseni, kudzikakamiza koma osatuluka mkodzo, mwina njira yatsekeka, ndipo zimenezo sizidikira mawa. Madzi amafuna pafupifupi mamililita 50 pa kilogalamu iliyonse patsiku, kuphatikiza a m'chakudya chofewa, ndiye kwa iye wa makilogalamu 4 ndi kapu imodzi yosadzaza. Tsiku lina ndinamuikira mkaka ngati chipepeso. Amphaka ambiri akakula sagaya shuga wa mumkaka, ndipo yankho lake ndinalipeza m'mabeseni onse awiri. Mlamu wanga naye anati ndimuphwanyire theka la paracetamol chifukwa cha tsaya lija. Mwamwayi ndinaimba kaye foni. Paracetamol amapha mphaka, ngakhale pang'ono. Chimodzimodzi mankhwala a nthata a agalu okhala ndi permethrin.

Kuweta kwenikweniko n'kotopetsa, ndipo palibe chochitika choti n'kufotokoza. Nthawi imene mphaka amazolowera anthu mosavuta ndi pamene ali ndi milungu 2 mpaka 7. Kapitawo sukulu imeneyo anaiphonya, ndiye tinkachita ya akuluakulu. Kawiri patsiku, nthawi yofanana, ndinkalowa ndi chakudya n'kukhala pansi chammbali kwa mphindi 20, osamuyang'ana m'maso, poti kwa iwo kuyang'anitsitsa ndi kuputa ndewu. Maso akakumana ndinkaphethira pang'onopang'ono n'kuyang'ana kwina. Kuti azolowere mawu anga ndinkawerenga mokweza kabuku ka malangizo a fuliji, ndipo pano ndimakadziwa pamtima. Mbale ndinkaisendeza kufupi ndi ine chikhatho chimodzi pa masiku angapo. Akakana kudya, ndiye kuti ndafulumira, ndibwerere pomwe ndinali. Mlungu wachisanu ananyambita chakudya pa supuni yomangirira kundodo.

Milungu iwiri yoyambirira ankalira pawindo m'bandakucha, kulira komvetsa chisoni koti ukhoza kutsegula chitseko. Chinathandiza ndi kumutopetsa. Nthenga zomangirira kukandodo, mphindi 10 mpaka 15 madzulo, kuziyendetsa pansi ngati mbewa yothawa, osati kumugwedezera kumaso, n'kumulola agwire, kenako chakudya. Ndikamaliza chingwecho ndinkachibisa m'dirowa, chifukwa akameza ulusi umatha kucheka matumbo. Ndinamangiranso khonje pamtengo wa masentimita 90, wolimba wosagwedera, kuti azinolapo zikhadabo atadziwongola thupi lonse. Amaugwiritsa ntchito, inde, akatopa ndi mkono wa sofa.

Chitseko ndinatsegula mlungu wachisanu ndi chinayi, usiku, osamuitana. Ankatuluka kukayendera nyumba n'kubwerera kwawo. Mwezi wachinayi anagunda chala changa ndi mphuno, chala chomwe chija, kenako anachoka ngati sanachite kanthu. Kumunyamula sindinayesepo, ndipo mwina sadzalola. Amagona kumapazi kwa bedi pokhapokha ngati ndikunamizira kuti ndagona.

Sofa tinaibwezera pabalaza, kunsi nditakhomako pulayiwudi. Mlamu wanga anabweranso sabata yatha. Anaima pafupi nayo, n'kugogoda katatu pamkono wake.

“Odi, a Kapitawo.”

Anadikira kaye pang'ono, kenako anakakhala pampando wapulasitiki.