Mpunga wathu, motobomba ndi moto wa m'botolo

Makasitomala anga a ku Moatize amakonda kundifunsa kuti mayi, chaka chija mvula inakana inu munakolola bwanji, kapena muli ndi mankhwala? kkkk. Mankhwala ndilibe ine, chomwe ndili nacho ndi kapaipi koboolaboola, nde lero ndati ndingofotokoza kamodzi aliyense amve.

Ife kwathu ndi ku Angónia kufupi ndi Ulongwe, anthu a chimanga ndi kachewere, mpunga tinkangouona pa Khirisimasi basi. Tinatsikira kuno mbali ya Zóbuè chifukwa amalume awo a bambo a ana anga anatipatsa dambo lomwe linkangomera mabango, kuno kumatentha ndipo mpunga umakonda zimenezo. Ndalama yoyambira inali ya xitique, chipereganyu cha azimayi anzanga, tinagula motobomba, injini yopopera madzi, yogwirapo kale ntchito, kukonza migula, kufesa nazale, kuwokera. Tikapuntha ndimapita nawo kuchigayo, kupeta ndekha, kenako kumagulitsa pa lata ndi m'matumba ang'onoang'ono ku Zóbuè, ku Moatize, nthawi zina mpaka pa Kwachena ku Tete. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atadula mlatho wa Revúbuè ulendo wa ku Tete unakhala wozungulira, tinapirira tinadutsa.

Chomwe chinkatimaliza chinali gasolina, petulo wothira mu motobomba. Bambo a ana anga chikhulupiriro chawo chinali chimodzi, mpunga ndi m'bale wake wa nsomba, madzi asachoke kuyambira kuwokera mpaka kukolola. Nde motobomba inkalira m'mawa ndi madzulo, ine ndikawerengera ma meticais kumapeto kwa nyengo kumapezeka kuti tagwirira ntchito ogulitsa mafuta. Ndiye kunabwera chilala chija cha El Niño cha 2024, kamtsinje kathu kanatsala ngati mkodzo wa mbuzi, ndinayamba kuganiza zobwerera kumudzi kukalima kachewere.

Nthawi yomweyo kunabwera mwana wa achemwali anga patchuthi, amaphunzira zaulimi ku yunivesite ya UniZambeze ku Ulongwe konkuja. Tsiku lina tikupalira anaona tithovu tikutuluka ndikaponda m'matope, bwubwubwu, akuti mayi aang'ono mukudziwa kuti chimenecho ndi chani? Ndinati agogo ako ankati ndi dambo likupuma, iwe palira. Mwanayo anaseka, anakatenga botolo la pulasitiki, kulidzaza madzi, kulizondotsa m'madzimo ataika kafanelo kukamwa kwake, kenako kumatakasa matope ndi ndodo. Tithovu tonse tinkakwera m'botolo madzi nkumatsika. Chakumadzulo anatiitana tonse, kutsegula pang'ono nkuyatsa machesi, aaa! kamoto kabuluu kanayaka pakamwa pa botolo. Bambo a ana anga anabwerera m'mbuyo mpaka kuponda mbande.

Akuti mpweya umenewo ndi metano, womwewo umatuluka ng'ombe ikamageya komanso womwe anthu amaphikira akatsekera ndowe m'thanki. Anati mzungu wina wa ku Italy dzina lake Volta anachita zomwezi za ndodo m'matope a nyanja ya Maggiore mu 1776, ine nkumati ndiye sukulu yonseyi mukuphunzira kutakasa matope eti.

Koma mmene anafotokozera zinandilowa. M'dothi muli tizilombo tosaoneka ndi maso tamitundu yambirimbiri. Ukangotseka munda ndi madzi, pakapita masiku ochepa okosijeni wa m'dothimo amatha. Tizilombo tina timawoletsa mapesi ndi mizu yakale, nde zotsala zake zimadyedwa ndi gulu lina lomwe iye amati arkeya, timeneti timadana ndi okosijeni koopsa, ndipo tikadya timatulutsa metano. Ine ndinangotipatsa dzina loti ophika. Kenako pali gulu lachiwiri, awa ndimati akudya, chakudya chawo ndi metano yemweyo koma iwowa popanda okosijeni sangagwire ntchito, nde amakhala pa kadothi kapamwamba penipeni kopyapyala ngati chikhadabo, komanso mozungulira mizu. Anazula phata limodzi kundionetsa, mizu inali ndi kamtundu ka dzimbiri, akuti pamenepo ndi pomwe mpunga ukutulutsira okosijeni m'matope. Anathyolanso phesi, m'kati muli timabowo ngati siponji. Timabowo timeneto ndi msewu wa mbali ziwiri, okosijeni amatsika kupita kumizu, metano amakwera nkutulukira m'mwamba, ndipo akuti wambiri amathawira mmenemo osati m'tithovu tija timaona. Ndinakhala kaye chete, zaka zonsezi ndikuweramira mbewu yomwe ili ngati chumuni osadziwa.

Anayamba za kutentha kwa dziko, kuti metano amasunga kutentha kuposa mpweya wa kaboni pafupifupi ka 28 ukawerengera zaka 100, ndipo minda ya mpunga padziko lonse imatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a metano wochokera ku zochita za anthu. Ndinamudula, ndinati mwanawe dziko ndi lalikulu, ine ndiuze za gasolina. Pamenepo ndi pomwe anatulutsa nkhani ya paipi.

Ndi njira yomwe amalimbikitsa a IRRI, bungwe lofufuza za mpunga la ku Philippines. Umadula paipi ya masentimita 30, theka lake umaboola timabowo mbali zonse, umaikhoma m'munda mpaka theka loboolalo lilowe pansi, nkuchotsa matope a m'kati ndi dzanja. Ukathira madzi umawasiya aphwe okha, pamwamba paume, iwe uzingosuzumira m'paipimo. Madzi akatsika kufika masentimita 15 pansi pa dothi ndi pomwe umayatsanso motobomba mpaka akwere masentimita 5 pamwamba. Mizu imakhala ikumwabe pansipo ngakhale pamwamba paoneke ming'alu. Mpweya ukalowa m'ming'alu imeneyo ophika aja amagona, akudya amapeza mpata, ndipo a IRRI amati madzi umapulumutsa mpaka 30 peresenti.

Kunyumba kunali nkhondo. Bambo akuti mwana wadzulodzuloyu andiphunzitse ine kulima? Mukufuna mpunga ufe ndi ludzu anthu atiseke? Ndinati bambo, madziwo ndi omwe kulibe kale, tikawathira monga mwa masiku onse tifika pakati tonse tilira. Tinagwirizana kugawa, zigawo za kumtunda zanga za paipi, za kumunsi zawo za nsomba. Masiku oyamba dothi litayamba kung'ambika ndinkalephera kugona, ndinkapita ndi tochi usiku kukasuzumira m'paipi ngati munthu wodwazika matenda.

Ndisanamize anthu kuti zonse zinayenda bwino. Mnyamata uja ananena mobwereza kuti mpunga ukayamba kutulutsa ngala ndi maluwa madzi asachoke, komanso milungu iwiri yoyambirira ukangowokera usathamangire kuumitsa. Ine sabata ya maluwa ndinapita kumaliro ku Ulongwe, ndinaiwala kusiya uthenga, chigawo chimodzi chinauma nthawi yolakwika ndipo tinakolola mphwepwa zokhazokha, ukapeta zonse kuuluka. Mlandu wanga umenewo, ndipo bambo amandikumbutsabe mpaka lero akafuna kupambana mkangano. Chinanso udzu, madzi akachoka udzu umasangalala, tinapalira kwambiri kuposa kale ndipo aganyu sadya zikomo. Koma zigawo zotsalazo zinabereka chimodzimodzi ndi za bambo, mpunga sunagwe ndi mphepo, ndipo zigubu za gasolina zomwe ndinagula ine zinali zochepa moti ngakhale iwo anaona okha osauzidwa.

Mapesi nawonso tinasintha. Kale tinkawakwirira lero mawa nkuthira madzi, kumeneko kunali kuwapakulira ophika aja nsima ndi ndiwo zomwe. Pano timawagawula m'dothi tikangokolola kuti awole kukadali kouma, ena timapatsa ng'ombe za aneba iwo nkutipatsa manyowa. Feteleza wa ureya timathira pang'onopang'ono, poti akuti ukamwaza wambiri uku ukuumitsa ndi kunyowetsa dothi limatulutsa mpweya wina woipanso, komanso ndi ndalama zongouluka.

Palibe kasitomala amene anandiwonjezerapo ngakhale metical imodzi chifukwa choti mpunga wanga watulutsa metano wochepa, amangonunkhiza, kuluma kanjere kamodzi nkuyamba kunenerera mtengo ngati kale. Zilibe kanthu, phindu langa ndimalipeza kumafuta. Ndipo amene dambo lanu limasefukira lokha nthawi ya dzinja mulibe pokhetsera madzi, njira iyi musalimbane nayo, imafuna munda womwe madzi ake umawalamula iwe.

Pano amene amadzuka m'mamawa ndi kandodo kolembalemba kukayeza m'mapaipi ndi bambo a ana anga omwe aja, ndipo anzawo akafunsa amafotokoza ngati anatulukira okha, ine ndimangokhala phee. Odandaula ndi ana. Anazolowera masewera a botolo aja, nde sabata yatha wamng'ono anabwera atakwiya matope mpaka m'makutu, akuti amama munda wathu ndi wakutha, tatakasa mpaka manja kuwawa botolo osadzaza, tikupita kwa aneba kumene kuli moto.