Kuyera kwa madzi oundana aja ndi pepala lenilenilo

Milungu itatu ndakhala ndikuyang'anitsitsa chithunzi chodinda cha glacier (chimtsinje cha madzi oundana cha m'mapiri) ya kumunsi kwa Grindelwald ku Switzerland, cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, osamvetsa kuti kuyera kwa madzi oundanawo mmisiri anakuika bwanji. Dzulo usiku ndiye zinandilowa, mtima n'kukhala m'malo. Sanakuike ayi. Kuyerako ndi pepala lomwelo.

Chithunzichi anachidinda m'njira yotchedwa aquatint: fumbi la utomoni pachitsulo cha mkuwa, moto pang'ono, kenako asidi. Chimene ndinkaphonya n'choti mmisiri amayamba ndi kutchinjiriza. Pofunika kuyera amapakapo vanishi chitsulo chisanalowe n'komwe mu asidi, ndiye pamenepo sipadyeka, inki siigwira. Amiza kamphindi, avuula, atseka pa timithunzi ta m'ming'alu, amizanso. Matanthwe a mapiri a Eiger ndi Mettenberg, poti akhalitsamo, amatuluka akuda bii. Kuda kwa pachithunzi kumayezedwa ndi nthawi, pomwe madzi oundana, eni ake nkhani, ndi malo amene asidi analetsedwa kufika. Kabuluu ka pachithunzicho anachita kupaka pambuyo ndi burashi.

Chinanditsegula maso ndi kapepala komwe ndinakadetsa ndi pensulo magawo asanu, kuchoka poyera kufika pakuda, n'kumakasendeza pachithunzicho. Gawo lililonse ndi ulendo umodzi wa mu asidi. Kunena zoona, kapepala kameneka kakuposa buku lililonse lomwe ndatsegula chaka chino.

Zimandiwawa kuti aphunzitsi athu atha makalasi anayi pa mawu oti sublime, mantha osakanikirana ndi kukoma, monga anawafotokozera mlembi Edmund Burke mu 1757, koma chitsulocho sitinachikhudzepo ngakhale kamodzi. Mayeso ayandikira, nthawi yobwerera m'mbuyo palibe.

Chikundivutabe ndi tianthu tiwiri taima m'munsi mwa chithunzicho, tating'ono ngati nyerere. Caspar Wolf anajambula glacier imeneyi m'ma 1770, Samuel Birmann mu 1826, ndipo wofufuza Heinz Zumbühl anagwiritsa ntchito zithunzi zoterezi pofufuza pomwe inkafika isanayambe kubwerera kumtunda cha m'ma 1860. Komatu zodindazi ankagulitsa kwa alendo ofuna kukaonetsa kwawo zoopsa zimene anaona. Ndiye tianthuto ndi muyeso weniweni, kapena anatichepetsa dala kuti phiri likule? Ndikayang'ana m'mawa ndimati muyeso, pofika madzulo ndimakayikanso.