Kiyi wa mita ndinamutsekera ndekha m'windo

Popeza alamu anga aponya kale chithunzi chija pa gulu la WhatsApp, chomwe ndagwada kutsogolo kwa windo ngati ndikulapa machimo, ndiloleni ndifotokoze ndekha inu musanathiremo mchere wanu. Sindinkapemphera ayi. Ndinkayang'ana kiyi.

Amene munafikako kwathu ku Leeds, kuno ku England, mukuidziwa nyumba ija ya njerwa zofiira, mawindo ake a matabwa okankhira m'mwamba, galasi limodzi lokha basi. Mphepo imalowa osaodira, makatani n'kumavina okha. Disembala wa 2022 kunazizira moti mpweya wathu womwe unkaundana pagalasi mkati mwa chipinda, komanso ndi chaka chija magetsi ndi gasi zinakwera mpaka boma la kuno kumatipepesa ndi mapaundi 400 ogawa m'miyezi isanu ndi umodzi. Eninyumba nditawatchulira za mawindo atsopano anaseka mpaka kutsokomola.

Ndiye ndinati ndichite zomwe amazitcha secondary glazing. Olemera amaikitsa galasi lachiwiri cha mkati, apakatikati amagula chipulasitiki cholimba chomata ndi maginito, choti ukafuna umangochichotsa. Ife ana a mlimi timagula kapepala ka pulasitiki kopyapyala ndi tepi womata mbali zonse ziwiri. Musaseke, nzeru yake ndi imodzimodzi: chotchinga kuzizira si pulasitikiyo koma mpweya womwe watsekeredwa pakati pa iye ndi galasi, wosayendayenda. Izi ndinawalalikira mayi a kunyumba kawiri konse, iwo akusenda anyezi.

Ntchito ndinaigwira bwino, apa pokha musanditsutse. Ndinapukuta felemu, kumata tepi, kuyala pulasitiki, kenako kubwereka chowumitsira tsitsi cha mayi. Mukamuuzira mpweya wotentha pulasitiki uja, makwinya amathawa mukuona, iye n'kukungika ngati ng'oma yowambidwa pamoto. Ndinkati ndikaigogoda ndi chala, mbiti mbiti. Mawindo anayi ndinamaliza ndikuimba mluzu. Windo lachisanu, la pabalaza, ndilo linatuluka bwino kuposa onse, moti simukanadziwa kuti pali kanthu.

Ndikusalaza kakona komaliza, chowumitsira chija zii. Nyumba yonse bii. Kuno mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo boila yotenthetsera nyumba, ngakhale ndi ya gasi, magetsi akathima nayonso imagona.

"Bambo a mwana, mayunitsi aja simunaike?"

Mita yathu ndi yolipiriratu, koma osati yolemba manambala ngati ya kumudzi. Ili ndi kakiyi ka pulasitiki komwe umapita nako kugolosale, akuikiremo ndalama, ubwere ukalowetse m'mita. M'mawa womwewo ndinali nditaikamo mapaundi 20. Kulowetsa m'mita ndiye ndinati ndichita kenako. Tindalama totsala chowumitsira tsitsi chinamwa ngati thobwa.

Ndinapisa m'matumba onse, ngakhale a jekete yomwe sindinavale chaka chimenecho. Mwana wathu ndi amene analoza ndi tochi ya foni. "Adadi, si uyo?"

Anali pakamtanda kapakati pa windo, pomwe ndinamuika "kwa kamphindi" ndikupukuta felemu. Kuseri kwa pulasitiki. Pambali pake panali ntchentche yakufa, miyendo m'mwamba, ngati yamulondera mpaka kufa nayo ntchito. Ndinagwada. Kiyi ali apo, chala changa chili apa, pakati pathu kanthu kosaoneka n'komwe komwe ndinakakunga ndekha ndi luso langa lonse. Ndinam'yang'ana, iyenso anandiyang'ana. Ndinakankha pulasitiki pang'onopang'ono mpaka chala chinam'khudza, ndinamva kuti ndi iyeyo, mapaundi anga 20 ali momwemo, koma kutola ayi. Ndinayesa maginito a pafiriji, kuiwala kuti kiyiyo ndi wa pulasitiki. Ndinatuluka panja ndi masilipasi kukamuonera mbali inayo, ngati kumeneko zisintha, chonsecho loko wa windo ali mkati. Gogo wachizungu woyandikana nafe anasuzumira, kundiona ndakanikiza mphuno pawindo la nyumba yanga yomwe, n'kutseka katani yake mwaulemu.

Ngakhale ngongole ya mwadzidzidzi imene mita imabwereketsa imafuna kiyi yemweyo alowe kaye. Amene anapanga zimenezi ankandidziwa.

Nditabwerera n'kugwadanso, m'pamene alamu analowa, atabwerera nsima yomwe inali isanaphikidwe. Munthu wofika pamavuto amafunsa kuti kwagwanji. Iwo anatulutsa foni.

Ine ndinali ndi pulani yomatula tepi mwaulemu kuchokera pakona. Nditakoka pang'ono, penti wa eninyumba anabwera nawo, ndipo ndinaona dipoziti yathu ikutsanzika. Ndili mkati moganiza, mayi anafika ndi mpeni wa anyezi uja.

"Tapatukani."

Phwaa! Ng'oma yanga. Anatola kiyi, ntchentche anaisiya, ndipo pasanathe mphindi magetsi anayaka kuti aliyense aone bwino nkhope yanga.

Koma tinene zoona. Mawindo anayi aja anagwira ntchito. Makatani analeka kuvina, madzi oyenderera pagalasi m'mawa anachepa, ndipo mwana anasiya kugona ndi chipewa. Alamu omwewo sabata yotsatira anadzabwereka tepi wotsala, zimenezo pa gulu sanalembe. Cholakwa china chokha n'chakuti limodzi mwa anayiwo linali la kukhitchini, ndiye tsiku lomwe tinakazinga usipa wouma fungo linasowa potulukira, tinapita nalo kutchalitchi m'majekete mpaka Malichi.

La pabalaza ndinalimata chigamba ndi tepi wa khaki wa makatoni. Ntchentche ija inakhala momwemo dzinja lonse la kuno, mwana anaipatsa ndi dzina lomwe.