Lipoti la Ulendo wa ku Nyika Wokaona Maluwa a Chikanda

M'mwezi wa Febuluwale, dzinja lili pakati, gulu lathu la aphunzitsi oyang'anira makalabu a zachilengedwe linapita kumalo otetezedwa a Nyika m'boma la Rumphi. Tinadzera ku Bolero, n'kulowera pachipata cha Thazima, ndipo tinakagona ku Chelinda. Nyengo yamatopeyi tinaisankha dala chifukwa ndi pamene maluwa otchedwa orchid, omwe ena mwa iwo ndi a chikanda, amamasula pamwamba pa phirili, lomwe mbali yake yaikulu ndi yokwera kupitirira mamita 2,000.

Ku Nyika kuli mitundu pafupifupi 200 ya maluwawa, ndipo ina mwa iyo simera kwina kulikonse kupatula m'mapiri ozizira a chigawo chino cha Africa. Mitundu ya Disa ndi Satyrium ndiyo inatigwira mtima kwambiri, popeza timizu take tozungulira ndito timasinjidwa pamodzi ndi nsinjiro, n'kuphikidwa ndi soda kapena chidulo kuti pakhale chikanda chomwe ambirife timagula pamsika.

Wotiperekeza anatitengera m'dambo lina lonyowa n'kutipempha kuti tinjute. Pakati pa udzu waufupi panali timaluwa tofiirira, todzaza mame, koma chapafupi pomwepo panali timaenje tambirimbiri tosonyeza kuti okumba anadutsapo kale. Anatifotokozera kuti kamuzu kameneka ndiko nkhokwe ya chakudya imene chomeracho chimadalira kuti chidzaphukenso chaka chamawa, choncho wokumba akakazula, duwalo lathera pomwepo. Kudzala mwatsopano n'kovuta zedi, chifukwa njere zake n'zazing'ono ngati fumbi, ndipo sizimera pokhapokha zitakumana ndi nkhungu inayake ya m'nthaka, ya mtundu wa bowa, imene imazidyetsa zikamayamba kumera. Ngakhale zitamera, pamapita zaka chomeracho chisanatulutse duwa.

Kale chikanda chinali ndiwo ya pakhomo chabe, koma lero ndi malonda aakulu m'mizinda ya ku Zambia, moti timizuti timachita kuwoloka malire kuchokera ku Malawi ndi ku Tanzania. Dziko la Tanzania linafika pokhazikitsa paki ya Kitulo mu 2005 makamaka pofuna kuteteza maluwa ake. Kunena zoona, sindingawaweruze mopepuka amayi amene amakumba kuti apeze fizi ya ana, koma kukumba kwa masiku ano kukuposa mphamvu za dambolo.

Madzulo ake tinagwirizana kuti aliyense akakambirane ndi ogulitsa chikanda a pamsika wa kwawo, amve kumene amaoda timizuti ndi mmene mtengo wake wasinthira, ndipo tidzabweretse zimene tapeza pamsonkhano wathu wa teremu ikubwerayi.